Mtengo wa Nthambi Ziwiri

KWA BWANA WOYANG'ANIRA BOMA LA FEIRA
Kudzera kwa Mesenjala Wamkulu
Nkhani yake: ulendo wa ku nyanja ya mchere, umene ine sindinapite nawo

Bwana wolemekezeka, ndi akulu onse okhala pamwamba panga, landirani moni waulemu. Ndayamba chotere chifukwa makalata amene ndimanyamula amayamba chotere, ndipo kayambidwe kena sindikadziwa. Koma buku ili silidzafika pa tebulo lanu. Malo ake ndi pansi pa mphasa yanga.

Lolemba, 5 Ogasiti 1957

Motoka yanyamuka dzuwa litangotuluka. Kutsogolo Bwana wamng'ono wa ofesi ndi Dona. Pakati ana awo awiri. Kumbuyo, pamodzi ndi masutikesi ndi mapoto, Adriano khukhi wawo. Ulendo wa tchuthi, masabata asanu ndi imodzi, mpaka ku Beira m'dziko la Apwitikizi.

Modzichepetsa ndikukumbutsa kuti malo akumbuyowo anali anga. Bwana ananena okha pakhonde mwezi wa Juni: "Dismas, udzasunga katundu ndi motoka." Ndinachapa mayunifomu onse awiri. Ndinauza anthu ku doko ndi ku tchalitchi. Ndinauzanso Emelina, mwana wa a Raimundo kapitao wa opalasa boti ya Boma, ndi kumulonjeza botolo la madzi a m'nyanjayo, amene anthu amati ndi mankhwala. Botolo ndinalitsuka ndi mchenga. Loweruka Dona asintha maganizo. Akuti Adriano anabadwira ku Zumbo tsidya linalo, Chipwitikizi ndi chake, kuphika ndi kwake. Ine ndinafika Standadi 2 ku Katondwe. Zikwangwani za mumsewu ndikanaziwerenga zonse.

Adriano anatulutsa mutu pawindo: "Shamwali, undisungire Feira, asapite ndi madzi!" Anthu anaseka. Emelina sanaseke. Anayang'ana fumbi mpaka linakhazikika. Ine ndinayang'ana iye.

Botolo lija silikuoneka pakhonde la khitchini pamene ndinaliyanika. Sinditchula dzina. Koma ndalemba.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Lamulo la Mesenjala Wamkulu: dzina la pa mphuno ya boti ya Boma lilembedwenso, penti yakale yasuluka. Ntchito ya munthu wodziwa malembo. Anzanga anayang'ana pansi. Penti yoyera, burashi imodzi, ine. FEIRA.

Emelina anali pafupi, akung'amba nsomba zoyanika. Anabwera mamba ali m'manja. "A Dismas, choyambacho ndi chiyani?" Ndinalongosola mwadongosolo kuti ndi F, mtengo woimirira wa nthambi ziwiri, zonse zoloza mbali imodzi. Anaulemba pamchenga ndi chala. Wachitatu unali wolondola. Anati mtengo wanga ulibe masamba, mbuzi zafika kale. Tinaseka tonse awiri.

Tsiku labwino. Za nyanja sindinaganize mpaka madzulo.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Lole ya makalata yafika. M'thumba makalata a Boma, ndi khadi imodzi ya chithunzi: Emelina Raimundo, Doko, Feira. Adriano nayenso amalemba, anaphunzira pang'ono kwa ansembe a kwawo, koma malembo aakulu okhaokha monga a pa thumba la chimanga. Ndinapereka khadiyo ndi dzanja langa, monga mwa lamulo. Emelina sawerenga. Atate ake sawerenga. Wowerenga ndine.

Zimene wanena Adriano ndi izi. Awoloka Zambezi ku Chirundu pa mlatho wachitsulo wolendewera pa zingwe, phazi osanyowa. Mu Salisbury nyumba zosanjikizana, ndi kachipinda kokwera kokha kumwamba anthu ali m'kati. Ku Umtali mapiri ndi chisanu, msewu wokhotakhota, ana a Bwana asanza pa nsapato zake.

Zambezi yomweyi imene imadutsa pakhomo pathu. Iye waiona pansi pa mapazi ake ngati lamba. Ine ndiiona m'mawa uliwonse pamodzi ndi ng'ona zake.

Emelina anati ndiwerengenso. Katatu. Dzina langa mulibe.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Mphepo ndi fumbi. Titatuluka m'tchalitchi khadi ija inayenda m'manja mwa amayi onse, kenaka inabwerera mu duku la mwini wake. Wina anati Adriano adzabwera atavala suti. Munthu wosanziridwa pa nsapato.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Khadi yachiwiri. Chithunzi cha nsanja yaitali ya mizere yofiira ndi yoyera, nyale pamutu pake yoitana sitima za m'madzi. Afika.

Anthu anasonkhana pa doko ngati pali mlandu. Ndinaimirira pa bwato la mwadiya logadabuzidwa kuti onse amve. Akuti nyanja ilibe tsidya. Akuti madzi ake amathawa patali monga kuchokera ku ofesi kufika ku doko, nasiya mabwato pamatope, ndipo amabwerera okha tsiku lomwelo. Pansi pa nsanjayo pagona sitima yakufa yachitsulo, ana amalowa m'mimba mwake kusewera. Kuli akavalo amitengo ozungulira ndi nyimbo. Kuli mkango m'khola lachitsulo. Kuli mkaka wouma ndi chisanu, wotsekemera, woluma mano.

Ndemanga zanga. Choyamba, madzi othawa ndi kubwerera tsiku limodzi si madzi odalirika. Luangwa amaphwa kamodzi pa chaka, ndipo nthawi yake timaidziwa. Chachiwiri, mkango wa m'khola si wodzitama nawo, ife kuno tili nayo yoyenda yokha. Chachitatu, sitima yakufa ndi chitsulo chabe.

Ndemanga izi ndinazinena pa doko. A Raimundo anati: "A Mesenjala, mwawerenga za pa khadi, kapena za m'mimba mwanu?" Opalasa anagwa ndi phwete. Emelina anabisa nkhope ndi khadi.

Choonadi ndi chakuti ndikufuna kuona akavalowo. Kamodzi kokha.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Ndatumidwa ndi kalata kumidzi ya kumtunda, pa njinga. Minga iwiri, zigamba ziwiri. Njira yonse ndinkayesa kuganiza madzi opanda tsidya. Mutu wanga umaika tsidya nthawi zonse, ndi phiri la ku Zumbo pamwamba pake.

Zaka zitatu ndakhala ndikudutsa pa thandala la nsomba la Emelina popanda chondipititsako. Ndinali kudikira kuti ndikwezedwe paudindo ndisanatume amalume. Khukhi sanadikire kanthu. Anangoyamba kumubweretsera makoko a buledi wa Dona.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Khadi yachitatu. Chithunzi cha sitima zazikulu pa doko la kumeneko. Lero Emelina sanafune khamu. Ananditengera pansi pa mtengo wa masau, awiriwiri. Anakhala pa muzu, manja pa mawondo.

Poyamba za masiku onse: nkhanu zazitali zokazinga ndi tsabola, ana a Bwana apsa misana ndi dzuwa, Dona ataya chipewa m'mafunde. Kenaka mzere wotsiriza, wolembedwa motsindika mpaka kuonekera kuseri.

Ndinawerenga kuti: "Mtima wanga ukhala ku Beira masiku onse."

Anafunsa, "Kuti?" Ndinabwereza. Ku Beira. Ndinawonjeza kuti amuna ambiri opita kumeneko sabwerera ndi mtima wawo, ndamva kwa oyendetsa malole. Emelina anatenga khadi, naiyang'ana nthawi yaitali monga munthu wowerenga, naipinda m'nsalu. Pochoka anati, "Zikomo, a Dismas," mwaulemu woposa masiku onse.

Chilembo chimodzi chokha. Inki mwina inafooka panjira. Ndalemba kuti mwina.

Loweruka, 31 Ogasiti

Chakudya sichinalowe. Palibe china chodziwitsa.

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Ndikutsika ndi uthenga kwa a Raimundo m'mawa, ndinaona Emelina ataima m'madzi ofika m'mawondo, patsogolo pa boti ya Boma. Khadi m'dzanja. Ankayang'ana khadi, nayang'ana mphuno ya boti, nayang'ananso khadi. Malo amenewo ng'ona inagwira mbuzi mwezi watha. Ndinafuula kuti atuluke. Anatuluka osafulumira, nandipatsa moni wabwino, napita.

Ndikuganiza kuti anafuna kuitaya m'madzi koma mtima unakana. Zimatenga nthawi.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Lole yafika. Emelina sanabwere kudzadikira thumba. Khadi yachinayi inalimo. Ndinamupititsira kunyumba. Anailandira ndi manja awiri. Ndinadikira kuti anene kuti ndiwerenge. Anati, "Iyi idikire mwini wake." Naiika kudenga.

Ndiye kuti wakwiya naye. Ndinayenera kukondwa. Ndinabwerera ndi njira yaitali.

Lamulungu, 8 Sepitembala

Ndatuma amalume a Lovewell kwa a Raimundo, mwa mwambo, kukapempha Emelina. Anavala jekete m'kutentha konseku. Abwera ndi yankho ili: mawu amveka, sanakanidwe, sanalandiridwe. Mwana wanena kuti motoka ya Bwana iyambe yafika.

Amalume akuti ndi yankho labwino. Anandifunsa chifukwa chake nkhope yanga ili ngati ya wodwala malungo. Ndinati ndi dzuwa.

Kwatsala masiku asanu ndi atatu kuti motoka ifike. Ndayesa kulemba B pamwamba pa F pa pepala la ofesi. Zimatheka, ndi mizere iwiri yokhota. Khadi ili kwa Emelina, ndipo dzanja langa silinazolowere ntchito yotere. Pepalalo ndang'amba.

Lolemba, 16 Sepitembala

Afika masana. Motoka yofiira ndi fumbi, ana a Bwana akusupuka mphuno. Adriano wopanda suti, malaya omwe aja, wowonda pang'ono. Ndinatsitsa katundu, monga mwa ntchito yanga.

Kuseri kwa khitchini anandigwira paphewa. Ndinamufunsa za akavalo, mawu anatuluka okha. Anaseka: "Shamwali, akavalo ndi a ana a azungu. Ine ndinali kunja kwa mpanda, wogwira nsapato ndi matawulo." Mkango anauona. Unali mtulo. Mkaka wouma ananyambita umene mwana anagwetsa pa dzanja lake. Nyanja yokha ndiyo analowa, m'mamawa, kutali ndi mahema a azungu. Pa nyanjayo sanaseke. Anati ilibedi tsidya.

Kenaka anatulutsa m'thumba lake botolo langa. Lodzaza, lotsekedwa ndi phula. Pepala lomatidwa: DISMAS FEIRA. "Unalitsuka ndiwe, silikanayenda lopanda kanthu. Upatse amene unafuna kupatsa."

Sadziwa za amalume. Sadziwa chilichonse. Mawa m'mawa a Raimundo atiitana tonse awiri ku doko.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Ndidziwitsa zochitika mwatsatanetsatane.

Malo: pamchenga, pafupi ndi boti ya Boma. Analipo a Raimundo, Adriano, Emelina, ndi ine m'yunifomu. Emelina anamasula nsalu natulutsa khadi yachitatu, ya sitima. Anati: "A Dismas, maso a atate akalamba, anga sanapite kusukulu. Tiwerengereninso iyi. Pang'onopang'ono." Adriano ankamwetulira, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi ngati mwana.

Ndinawerenga za nkhanu. Za misana. Za chipewa. Pa mzere wotsiriza Emelina anasendera naika chala chake pansi pa mawu aja, osachisuntha. Kumbuyo kwake malembo anga oyera pa mphuno ya boti, aakulu ngati dzanja.

Ndinawerenga kuti: "Mtima wanga ukhala ku Feira masiku onse."

Ananena motsitsa, kuti ndimve ndekha: "Mtengo wa nthambi ziwiri. Munandiphunzitsa ndinu. Ndinakauyesa pa boti."

Masabata awiri akudziwa. Anandipatsa moni masiku onsewo. Anadikira kuti mwina ndidzabwera ndekha kudzakonza. Sindinabwere. Ndinatuma amalume.

Adriano anandigwira dzanja: "Umawerenga ngati wansembe, shamwali. Ndinauza Dona kuti makadi anga ali m'manja mwa munthu wa Boma, sangasochere." Emelina sanamuuze. Sindikudziwa ngati adzamuuza. A Raimundo anayang'ana kumtsinje nati ndiuze amalume kuti asavutike kuvalanso jekete.

Botolo sindinapereke. Ndamatula phula ndi kulawa pang'ono. Ndi mchere, wowawa kukhosi. Ngati ndi mankhwala, sanayambe kugwira.

KUKONZA CHOLAKWA. Pa 30 Ogasiti m'buku muno munalembedwa kuti inki mwina inafooka. Mawu amenewo afufutidwe. Inki inali yakuda bii. Chilembo chinali F, ndipo ndinachiona ndisanatsegule pakamwa.

Ine amene ndalemba ndi dzanja langa ndikulumbira pamaso pa Mulungu, amene amawerenga popanda womuwerengera, kuti zonse zili m'buku muno ndi zoona tsopano.

Dismas Anock Nyangu
Mesenjala, Boma la Feira