Kamfuti ka M'chigafa

Loweruka, 4 Meyi

Abambo atulutsa kamfuti kaja anabwera nako atasiya ulonda ku esiteti. Zaka zinayi kali m'chitini, kuseri kwa matumba m'chigafa cha fodya. Dzimbiri lokhalokha. Manja awo amanjenjemera, ndiye wopukuta ndine. Sipoko ya njinga, kansanza, mafuta a makina osokera a malemu amayi. Zala zanga zikununkha ngati amayi.

"Usanakapukute, uziyamba waona ngati mulibe chipolopolo m'kati. Chimodzi chimakonda kubisala." Anena kawiri.

Zipolopolo zili m'kabotolo ka mankhwala. Zisanu ndi chimodzi.

Lachiwiri, 7 Meyi

Amalume a Levison, achimwene awo a amayi, abweranso. Anakhala pa belo la fodya osavula chipewa. "Alamu, paja tinakusudzulani chaka chatha. Mukamanga belo lomaliza, munda ubwerere kwa eni ake. Mwanayu ndi wathu, atsala."

Abambo osadzutsa mutu, kumangosankha fodya. Zaka makumi awiri akuzula zitsa pamudzi pano. Kwawo ku Simlemba nyumba inagwa kalekale.

Loweruka, 11 Meyi

Ndapukutanso. Kayamba kuwala, ndipo ndikudana nako. Ndinafunsa kuti n'ka chiyani. "Akuba fodya." Koma fodya watsala wa belo limodzi. Akuba ake ati?

Abambo apereka njinga yawo kwa akatekisiti. Njinga imene ine sindiloledwa ngakhale kuikhudza!

Lachitatu, 15 Meyi

Mayeso a masamu. Ndalemba dzina basi. A Perpetua, aphunzitsi athu, akuti, "Masautso, ukudwala?" Ndikanati chiyani? Ndikanena, apolisi awatenga abambo, kamfutiko kalibe mapepala. Ndikakhala chete, sindikudziwa ngati akufuna amalume kapena iwo eni. Ndimawayang'ana akamadya, akamasamba m'manja. Nkhope sinena kanthu.

Belo lomaliza amanga mawa.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndachita. Masana, abambo ali ku jeke yopanikizira fodya kukamanga belo lija. Ndinatenga kabotolo, n'kukhuthulira m'chimbudzi. M'malo mwake ndaikamo timiyala kuti kazilirabe akakagwedeza. Kamfutiko sindinakagwire, ndinali kuthamanga. Andimenye akafuna. Lero ndadya mpaka kukhuta.

Madzulo anandisisita m'mutu. Sanachitepo chimwalirire amayi. "Uzilimbikira sukulu, wamva?"

Lachisanu, 17 Meyi

Ndikulemba m'kalasi, nthawi yopuma. M'mawa abambo anadzuka asanalire mabelu a ku tchalitchi. Anameta ndevu, anavala jekete la pa maliro a amayi, kamfuti n'kuika m'thumba. Akuti akukatsanzika amalume kudimba. Ndinawasiya apite. Mumtima ndinkaseka, poti kamfuti kopanda zipolopolo ndi chitsulo chabe.

Koma kuyambira phunziro loyamba ndikungomva mmene zipolopolo zinagwera m'dzenje muja. Ndawerenga pa zala katatu. Zinagwa zisanu.

Zinali zisanu ndi chimodzi.

Ananena kawiri. Sindinayang'ane m'kati.

Kudimba n'kutali, njinga palibe. Ndikadutsa m'minda mwina...