Uthenga wopanda moni

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Kuno tilipo. Nandolo wabereka bwino chaka chino, ndipo mwana wanga Rozina wachira, ndi wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Koma pali nkhani imene yandikhumudwitsa, ndikuuzeni bwinobwino.

Mdzukulu wanu Fausitino, uja amaphunzitsa za makompyuta ku Blantyre, anabwera ndi ophunzira ake kudzakwera phiri ku Likhubula. Pobwerera anapatukira pakhomo, nakhala pansi pa mtengo wa mapeyala munadzala uja, iye n'kuyamba kuwaphunzitsa. Ine ndinali poteropo, ndikuwasendera chinangwa.

Akuti makina akamatumizirana uthenga pa intaneti, njira yakale, ati Tisipi, imayamba ndi moni: uyu odi, uyo lowani, uyu zikomo, kenako uthenga. Uthengawo umagawidwa m'maphukusi oyenda pamzere, limodzi likagwa panjira, onse am'mbuyo amaima kulidikira. Tsono kwabwera yatsopano, ati Kwiki. Imeneyo ngati munakumanapo kale, moni palibe, umangofikira kunena. Phukusi likagwa, enawo amangopitirira.

Mpaka pamenepo ndinalibe nazo kanthu, ndi za makina. Koma kuti anawo amvetse, anatchula inu. Akuti agogo ake anali Tisipi weniweni, ofunsa za mbuzi ndi nkhuku asananene chimene abwerera. Ana a eni ake n'kumaseka, pakhomo panu, chinangwa changa chili m'kamwa! Kodi amadziwa kuti tikuthawa nkhondo, amene anagwa powoloka mtsinje wa Muloza ndi ine, iyeyo ali kumsana kwanga, inu n'kuimitsa mzere wonse? Paja wapaulendo wosiya mnzake panjira amafika msanga, koma womuika m'manda amasowa.

Ndiye Kwiki wakeyo wamuyesa pa anthu. Za chiliza chanu chomwe tikumanga mwezi wamawa, amalume, alongo anu a ku Milanje kutsidya kwa malire, wangowatumizira pafoni tsiku ndi malo, basi. Amalume abweza mawu akuti iwo si galu woitanidwa ndi likhweru, sabwera. Ndipo popanda iwo, ndani angaike njerwa yoyamba pamanda anu?

Lachiwiri ndikwera kabaza mpaka pamalire, kwinako ndiyenda wapansi, ngakhale mawondowa akukana. Fausitino ndamuitanitsa, akandinyamulira tambala wopepesera, foni yake itsala pakhomo.

Ndimakukondani, Amayi. Pakhonde pa amalume sindikachokapo mpaka atavomera, ndakulonjezani.

Ine mwana wanu,
Esinati