Lilime Pakati pa Mano

Lolemba, 13 Meyi

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndaphunzitsa Chingerezi, ndipo sindinalolepo mwana kutchula th wa m'mawu akuti think ngati th wa m'mawu akuti thumba. Lero ndalamula Fomu 3 yonse kutulutsa lilime pakati pa mano ndi kupemerera mpweya, maso ali pakamwa panga. Onse amvera kupatula Shakila Nasir, yemwe ndinamusankha kukaimira sukulu pa mpikisano wa zolankhula wa pa 25. Iye wangowerama. Ndamuimika kutsogolo kufikira belu litalira.

Lachitatu, 15 Meyi

Pampando wa Shakila palibe munthu.

Lachitatu, 15 Meyi

Ahedi, a Blackson, andiitanira ku ofesi. Akuti bambo a mtsikanayo, Che Nasir, anabwera kudzanena kuti mwana wawo sadzapondanso m'kalasi mwanga, popeza ndinamukakamiza kutulutsira lilime munthu wamkulu, wamwamuna, anyamata akuseka. Lolemba likubwerali amutumiza kwa azakhali ake ku Namwera.

"Aphunzitsi, mukapepese. Mukapanda kutero mwanayu tamutaya."

Ndawayankha kuti ine ndinaphunzira Chilatini kuseminale iwo asanamere mano, ndipo katchulidwe kolondola sindingakapepesere.

Lachisanu, 17 Meyi

Ndayesa wophunzira wina, Dinala, m'malo mwa Shakila pa za mpikisano. Mawu ali nawo, koma r ndi l amazisakaniza ngati usipa ndi mchenga.

Kope la Shakila linatsala m'desiki. Chithunzi cha m'kamwa chimene ndinajambula pabolodi anachikopera mwaudongo kuposa changa. Ndalitsekera m'kabati.

Loweruka, 18 Meyi

Ndinapita kwawo kwa Shakila, jekete ndi tayi, dzuwa lili paliwombo. Cholinga changa chinali kukafotokoza, osati kukapepesa.

Ndinapeza Che Nasir akuphunzitsa ana a madarasa pakhonde. Anandilozera mphasa, ndinavula nsapato n'kudikira. Anawo ankalakatula zilembo za Chiarabu: alifu, ba, ta. Chachinayi chitatuluka, ndinatchera khutu. Linali liwu lomwe lija ndakhala ndikulimbana nalo moyo wanga wonse, loyera, m'kamwa mwa tiana tosavala nsapato. Panalibe lilime limene ndinaliona.

Atawabalalitsa anawo, anandipatsa moni mwaulemu, n'kumvetsera zonse zimene ndinakonza.

"Liwu limenelo Shakila analidziwa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi," anatero. "Nsonga ya lilime imangokhudza mano akumwamba, aphunzitsi. Silichita kulendewera ngati la mbuzi yomangidwa panjinga."

Ndinati buku limene ndinaphunzira limanena kuti lilime lioneke.

"Bukulo lili ndi mwana wamkazi?"

Ndinapepesa. Mawuwo anatuluka mokakamira, koma anatuluka. Iwo anangoti aganizira.

Lamulungu, 19 Meyi

Ulaliki sindinaumve. Ndinali kuyesa liwu lija chamumtima, milomo itangotsekuka pang'ono.

Lolemba, 20 Meyi

Belu linalira, pampando palibe munthu. Ndinalemba think, thin, thank pabolodi, choko n'kuthyoka kawiri.

Patapita mphindi khumi, Shakila anagogoda. Wochedwa m'kalasi mwanga amagwada pakhomo, ndipo kalasi yonse inadikira zimenezo. Ndinamupatsa kope lake ndi choko, ine n'kukakhala pampando wake.

Anatchula mawu oyamba, ife n'kubwereza. Anandiyang'ana pang'ono, kenaka anayang'ana pansi.

"Aphunzitsi, lilime libwerere pang'ono."

Ndinalibweza.