Lole ya Loweruka

Lolemba, 9 Malichi 1981

Lero ndatha kugwira pensulo. Akuti ndagona m'chipatala muno masiku khumi ndi limodzi, asanu oyambawo sindikuwadziwa. Tayifodi inaboola matumbo, adokotala anang'amba n'kusoka. Kasokedwe kake telala wa pa Chonde angachite nako manyazi, koma kagwira.

Akundidikirira ndi mlongo wanga Estele. Phala lake ndi madzi okhaokha. Ndamwa masipuni anayi, iye n'kuyamba kulira. Chitsiru.

Lachiwiri, 10 Malichi

Kwabwera atsibweni a Jailosi. Ine sanandifunse kanthu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati kalipentala woyeza bokosi la maliro, kenako n'kuuza Estele ine ndikumva: "Uyu watha. Loweruka lole ya pa esiteti ikupita ku Milonde. Wamoyo amanyamula, maliro amakana. Akafere kumudzi."

Sisita Sabina anawauza kuti jakisoni watsala wa masabata awiri, akanditenga Isitala sindiiona. Iwo: "Mwinimbumba ndine."

Zaka ziwiri ku yunivesite ku Zomba, lero moyo wanga uli m'manja mwa munthu wosaina ndi chala.

Sisita anawapanikiza mpaka anavomera kuti akadzandipeza ndili chiimire Loweruka, adzandisiya.

Lachitatu, 11 Malichi

Ndayesa kuima. Ndagwa. Wodi yonse yaomba m'manja.

Lachinayi, 12 Malichi

Pabedi loyandikana nane pali a Lackson, othyola tiyi, akuchira chibayo. Akuti: "Aphunzitsi, gwirani phewa ili, lasenza madengu olemera kuposa inu."

Ndawauza kuti sindine mphunzitsi, ndine kalaliki wa pasikelo.

"Ooo! Ndinu mumatibweza kuti masamba ngokhwima?"

Ndine ndithu. Aseka mpaka kutsokomola, phewa n'kundipatsabe. Ndaponda kasanu ndi kamodzi. Chilonda chikukoka ngati chang'ambika, koma ayi.

Lachisanu, 13 Malichi

Mpaka pakhomo n'kubwerera. A Lackson akuti ndikuyenda ngati mwana wa ng'ombe wobadwa lero.

Estele amubweza pamsika, khadi la chipani anaiwala kumudzi. Nthochi palibe. Maganizo anga pa nkhaniyi sindilemba.

Phala mbale yonse.

Loweruka, 14 Malichi

M'mawa a Lackson anandifikitsa pakhonde, ndagwira mzati, iwo n'kupita kukasamba. Estele anali kophikira. Sisita ataona bedi langa lilibe munthu anachotsa nsalu n'kupinda matiresi kuti akawayanike. Kuno matiresi akapindidwa, aliyense amadziwa kuti mwini wake wapita.

Lole inafika. Atsibweni anatsika ndi amayi aang'ono awiri, mphasa yondinyamulira ili kukhwapa. Anandidutsa pakhonde pomwepo, ndevu zanga ndi kuwonda kwangaku osandizindikira. Mpaka anandipepesa: "Muchira bambo, limbani mtima."

Atangolowa, maliro anabuka. "Chester iwe! Mayo ine, mwana wofatsa! Mwana waulemu!"

Wofatsa! Ine! Ndinawasiya alire pang'ono, zoterezi munthu samva kawiri. Atsibweni okha ndinawamva akudandaula kuti nanga tsopano dalaivala amuuza chiyani.

Ndinasiya mzati. Phewa palibe. Ndinayenda ndekha mpaka pakhomo la wodi.

"Atsibweni, lole ikukudikirani. Pitani bwino."

Mphasa inagwa pansi.