Mfundo yanu pa supuni ya atate

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko? Kuno ku Matero tilipo, tikupuma. Ndine Dolika, mwana wanu wachiwiri. Mukudziwa kuti sukulu ndinangoinunkhiza, ndiye wagwira cholembera ndi Esnati, mkazi wa mdzukulu wanu Filimoni. Ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asakongoletse, asadumphenso kanthu ngakhale pomukhudza iyeyo.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Kotapela munadzala kuseri kwa nyumba uja wabereka chaka chino mpaka nthambi imodzi kuthyoka. Chimanga ndiye ayi, dzuwa linachipeza chili ndi ngayaye. Madzi pampopi amabwera tsiku limene afuna okha. Achimwene anga a Lameki maso afooka, koma pakamwa mpomwe paja. Ufa wa thumba tinauiwala, tikugula wa m'timapulasitiki wodya kamodzi, umene kuno akuutcha pamela.

Mutangopita inu, fakitale ya ndowa ndi mapoto kumene Filimoni ankagwira ntchito inatsekedwa. Poyamba ankalawirira kukaima pamageti a mafakitale ena kudikira ganyu, n'kubwerako ndi fumbi lokhalokha. Kenaka analeka n'kupita komwe. Munthu amene ankapinda chitsulo ngati tsamba la nthochi anangokhala pampando pansi pa kotapela, manja ali pamaondo. Nthawi yakudya ankanama kuti wadya kale kwa anzake, kuti ana akhute. Achimwene ake a Esnati anatuma mawu kuchokera ku Katete akuti atenge ana atatuwo abwerere kumudzi, kumene kuli maungu ndi mbatata. Sindinamuone kulakwa, mayi sangamangoyang'ana ana akuonda. Koma ndinkadziwa kuti akakwera basi imeneyo banja latha, ndipo mwana wanga sadzadzukanso pampando paja. Zovala za ana anali atazimanga kale m'chitenje chake chobiriwira, akungodikira kuti mwezi uthe.

Tsiku lina Filimoni akufunafuna zitsulo zoti akagulitse, anapeza kachitini ka fodya ka atate pansi pa sutikesi yanu. M'katimo munali masupuni atatu aja amene atate anadula mipini, n'kuboola uku ndi uku, mbedza kumchira, kamphete kumutu. Ana a m'tauni sadziwa zimenezi, ndiye ndinamufotokozera kuti supuni ukaiponya m'madzi n'kumaikoka imang'anima ngati kansomba kovulala, ndipo nsomba yaikulu imailumphira popanda nyongolotsi. Ndinamuuzanso za ku Kafue kumene tinakulira pakomboni ya njanji, kuti zala ziwiri za atate zinatsalira pakati pa mabogi a sitima, ndipo kuyambira pamenepo womanga zingwe zawo munali inu. Anthu ankati atate, a Phiri, ndi akatswiri owedza. Inu munkangoseka uku mukupala mamba, munthu woti m'bwato simunapondemo.

Filimoni sanadikire kuti ndimalize. Anapita ku Kafue ndi a Tembo oyandikana nafe, amene amapikula nsomba kumeneko. Masupuniwo anawamanga monga ankamangira mabawuti kuntchito, kukoka ndi pulayala mpaka chingwe kulira. Anabwerako chimanjamanja. Imodzi chingwe chinaduka pamfundo penipeni nsomba itangomenya, ina inadulidwa ndi nsomba yaitali ija ya mano ngati a galu. Yotsalayo anaiika patebulo osandiyang'ana, n'kunena kuti, "Amama, ndataya zinthu za agogo."

Mtima unandipweteka, sindinama. Ndinafuna kuibisa supuni imeneyo, chifukwa ndilibenso chinthu china cha atate. Koma ndinamva mawu anu aja ngati muli pakhomo: "Chomanga mwaukali chimadukira pamfundo." Ndinaona kuti wolakwa si mwanayo. Mfundo yanu inali m'manja mwanga zaka zonsezi, ine osaipereka kwa munthu.

Vuto linali lakuti zala zanga zapindika ndi nyamakazi, ndipo chingwe chowedzera sindichionanso. Ndiye ndinamasula chingwe choyanikira zovala, ndinatenga kapu yanu yachitsulo, chogwirira chake chikhale kamphete. Ndinkaopa kuti ndaiwala, koma manja anakumbuka okha. Uyambe wapanga mfundo yosakoka, yotseguka ngati diso, kutalika kwa chala kuchokera kunsonga. Nsonga ilowe m'kamphete, ibwerere kudzera m'diso lija, izungulire chingwe chachikulu, n'kudzalowanso m'diso momwemo. Pozunguliza paja ndinadzidzimuka ndikutchula mokweza mayina a ana anu, kuzunguliza kulikonse dzina limodzi, monga munkachitira inu: Lameki, Dolika, Tobiyasi, Maliya, Yosefe. Maliya anapita ndi chikuku asanayende n'komwe, koma pachingwe simunamudumphepo. Munkati mukasiya mwana mmodzi mfundo imapulumuka.

Filimoni ndinamuuza za malovu, kuti asanakoke anyowetse, chifukwa chingwe chouma chimadziwotcha chokha. Akoke pang'onopang'ono, pulayala aisiye m'thumba. Ikakhwima, pamatsala kabowo kamene supuni imalendewerapo momasuka. Filimoni anati, "Amama, nanga sichigwedera ichi?" Ndinamuyankha ndi mawu anu: "Usaigwire pakhosi, isiyire malo ovinira. Nsomba sithamangira chakufa." Kwa nsomba ya mano ija ndinamuonetsa njira yanu ina, yoika kawaya kotalika ngati chikhatho pakati pa supuni ndi chingwe, kukapota kokhakokha, ndipo kotsalako osadula koma kupindapinda mpaka kathyoke, kuti pasatsale nsonga yokola udzu. Iye anasolola kawayako pa waya wa buleki ya njinga.

Apa ndiye mumve za mdzukulu wanu. Anaona kuti supuni ikamazungulira m'madzi imapota chingwe chonse, chinthu chimene atate ankangochitukwana n'kumachiwongola padzuwa. Anakhala pakhonde ndi sipoko ya njinga ndi timikanda tachitsulo, mpaka anapanga kachitsulo kozungulira kokha, koti supuni izivina chingwe chili phee. Chimenecho ngakhale inu simunachione. Ndinachigwira m'manja, ndinachizunguza pafupi ndi khutu, ndipo ndinadziwa kuti manja anu sanapite nanu kumanda onse.

Mfundoyo ankaiyesa pakhonde pomwepo. Poyamba anazunguliza ndi mayina a ana ake atatu okha, a Tembo atakoka inapulumuka, ndipo anamuseka kuti, "Bereka ana ena, mwana, atatu sakwana." Atayesanso ndinamumva akunong'ona: Misozi, Dalitso, Taonga, Esnati, agogo. Esnati anali pafupi akutsuka mbale. Panopa akundiuza kuti sanamve kanthu. Lemba choncho, mwana wanga, koma lembanso kuti ine ndinaona mbale imodzi ikutsukidwa mpaka madzi kutha m'beseni.

Supuni yotsala ija ndinamupatsa ndi manja anga. Masiku amene anali ku Kafue ndinkangoyang'ana kachitini kopanda kanthu, n'kuyang'ananso mtolo wobiriwira uja pakona. Anabwera masana, thumba lili paphewa likudontha, akuseka kuti kondakitala wa minibasi wamunyoza njira yonse chifukwa cha fungo. Anakhuthulira nsomba m'beseni mpaka ana a nyumba zoyandikana anasonkhana. Kenaka anatulutsa supuni m'thumba la malaya. Inali ndi mikwingwirima ya mano mbali zonse, koma mfundo ili gwa, kabowo kake kali momwemo.

Musaganize kuti talemera, Amayi. Pali masiku amene amabwerako ndi zongokwanira ndiwo, ndipo pamela tikugulabe. Koma pampando paja pakukhala ine tsopano. Filimoni amatolera masupuni akale ndi zidutswa za malata, amasula nyambo zake, n'kumagulitsa kwa anthu opita ku Kafue ndi ku Chongwe. Iliyonse amaipereka ili yomangiratu, ndipo wogula akafuna kuona mamangidwe ake amamuonetsa, sabisa. Supuni ya atate anaibwezera m'kachitini, akuti yapuma pantchito.

Mwezi uja unatha, basi ya ku Katete inapita yokha. Mtolo unamasulidwa, zovala zinabwerera m'sutikesi. Chitenje chobiriwiracho chili pamsana pa Esnati pamene akulembamu, ndipo m'katimo mwagona mwana wamkazi amene anabadwa mvula itangoyamba. Tamutcha dzina lanu, Velina. Ndinamufunsa Filimoni ngati tsopano awonjezera kuzunguliza kwina. Anati ayi, pomaliza paja analeka kunena kuti agogo, amangoti Velina, ndipo mumakwana nonse awiri.

Mvula ikatha ndidzabwera kumanda a ku Chingwere kudzalambula pamene mwagona, ndidzatenga ndi kachitini kuti muone mano a nsomba ija. Ndikulonjezanso kuti Misozi ndi Taonga ndiwakhazika pansi ndi kapu yanu ndi chingwe choyanikira zovala zala zanga zisanaumiretu. Mupereke moni kwa atate, muwauze kuti tsopano Matero yense akudziwa amene ankawamangira. Mumpsompsone Maliya.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dolika