Mkazi Mnzanga wa Pamadzi

Lamlungu, 2 Malichi

Mwana wathu wachisamba wabwera masana. Osakhala pansi n'komwe, makiyi a galimoto ali m'manja. Akuti boti la bambo ake walipezera wogula, dokotala wina wa mano. Adzabwera kudzaliona Loweruka pa 15.

Bambo ake duu pampando. Miyezi inayi chichitikireni sitiroko ija. Mkono wamanzere lende ngati si wawo. Mwendo amachita kukoka. Kuyankhula amatha, koma safuna. Chakudya amangochigwiragwira.

Botilo ine sindinalikondepo. Zaka zisanu ndi ziwiri akulikhoma, akulipaka utoto, akusokerera thanga lake, ine ndili pa makina ndi madiresi a eni. Ndinalitcha mkazi mnzanga. Sindinalikwerepo. Kusambira sindidziwa.

Koma mwanayo atati, "Ababa, zatha basi, ingovomerezani," ndinaona nkhope ya amuna anga. Mtima unandiwira. Ndinati akwera, ndipo ndiwakweza ndine. Pakamwa pangapa!

Anaseka. "Amayi, inu mumaopa ndi bafa lodzaza lomwe." Kenako anaika malamulo ake. Bambo ake akwere iye akuona, abwerere kumtunda ali ouma, ndiye sagulitsa. Akagwa, asayina pepala tsiku lomwelo. Bambo ake anagwedeza mutu. Nkhani inathera pomwepo.

Masiku khumi ndi atatu.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kudoko m'mawa. Botilo silili pafupi monga ndinkaganizira. Lili pakati pa madzi, lomangirira ku chigubu choyandama. Kuti ulifikire uyambe wakwera kaboti kakang'ono kopalasa. Kaboti kake! Beseni lochapira lili ndi ulemu.

Mlonda wa padoko watibwereka majekete oyandamitsa. Langa silitseka pachifuwa. Iye osaseka, Mulungu amudalitse.

Kupalasa tagawana. Bambo nkhafi imodzi ndi dzanja lawo labwinolo, ine inayo. Ine mphamvu zambiri. Tazungulira pamalo amodzi katatu ngati nkhuku yodwala.

Titafika m'mbali mwa botilo ndinayang'ana m'mwamba. Ukaliona uli kumtunda limaoneka kachinthu. Ukakhala pansi pake ndi khoma. Lero sindinayese. Ndangoligwira. Lozizira, loterera.

Bambo ayankhula mawu ambiri lero kuposa mwezi wonse watha. Manja akhale opanda kanthu. Uime pakati pa kaboti, osati m'mphepete. Ugwire waya wochirikiza mlongoti. Udikire funde likunyamule. Ukoke, osakankha. "Mukayamba kukwera musaime panjira, mayi. Oima ndi amene amagwa."

Adya theka la buledi madzulo. Theka lathunthu.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndatseka chitseko cha kukhitchini. Mpando wa pulasitiki ndiye kaboti, tebulo ndiye boti. Bondo pamwamba, kukoka, kugubuduka. Kasanu. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu chafufumimba patebulo lodyera. Mawondo akulira.

Masana bambo anabweretsa chingwe kuti andiphunzitse mfundo yomangira kaboti. Ndi dzanja limodzi sizinatheke. Anayesa kugwirira ndi mano, chingwe chinagwa. Anayesanso. Kenako anachiponya kukhoma. Ndinachita manyazi m'malo mwawo, ndiye ndinalusa. Ndinati zaka makumi atatu ndikumanga mfundo pa madiresi a akwati, mundiphunzitsa inu? Zisiyeni, ndimanga yanga.

Anapita kukagona dzuwa lili pamutu.

Mawa ndikwera.

Lolemba, 10 Malichi

Sindinathe kugwira cholembera. Phewa.

Lachinayi lija ndinachita zonse zimene anandiletsa. Chikwama paphewa, poti munali foni. Phazi limodzi pa boti, lina m'mphepete mwa kaboti. Ndiye ndinaima. Ndinayang'ana pansi. Kaboti kanayamba kuchoka pang'onopang'ono, miyendo kutanyuka, kutanyuka, mpaka phava! Madzi m'mphuno, m'makutu, mdima wobiriwira. Jekete linandibweza pamwamba ngati chitsekerero cha botolo.

Amuna anga anandigwira kolala ndi dzanja lawo limodzilo, akukuwa. Kundikweza sakanatha. Kundisiya sakanatha. Mlonda ndiye anabwera ndi boti lake la injini.

Foni yafa. Magalasi anatsala pansi pa madzi. Atsopano mtengo wake ndi madiresi atatu. Ndikusoka ndi akale aja a mwendo umodzi, ulusi kulowetsa mongoganizira.

Mlonda ndamupempha asauze mwana. Mwanayo ndamuuza kuti foni inagwera mu ndowa.

Chimene chikundipweteka si phewa. Bambo abwereranso pampando paja. Dzulo anati, "Muuzeni abwere ndi pepala lake. Sindiphetsa mkazi chifukwa cha matabwa." Mbale yabwerera yodzaza masiku anayi. Lamba aboolanso bowo lina.

Akagulitsa botili ndiika maliro chaka chisanathe. Ndikudziwa. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinawaveka bambo nsapato mokakamiza. Tinakangana mpaka pageti. Ndinati ngati simupita ndipita ndekha, mukanditole.

Madzi bata. Ndamanga kaboti ku chitsulo cha m'mbali ndi mfundo yanga ya riboni, yooneka bwino, makutu awiri ofanana. Bambo anaiyang'ana, anatsegula pakamwa, anatsekanso. Iwo anagwira m'mphepete mwa boti kuti kaboti kasachoke.

Chikwama ndinasiya kwa mlonda. Pakati pa kaboti. Waya m'manja onse awiri. Funde. Bondo. Sindinayang'ane pansi, ndinayang'ana msomali wina wa pa mlongoti. Ndinangozindikira ndili chafufumimba pa matabwa ofunda, siketi ili kumutu.

Ndakwera! Ine!

M'kati mwake ndi mwaudongo kuposa kuchipinda kwathu. Kabedi, kashelefu, makapu awiri. Awiri. Zaka zonsezi kapu inayo inali ya ndani? Ndinafunsa ndili pamwamba pomwepo, mawu atakwera kale. Anayankha ali pansi, osandiyang'ana. "Ndi yanu. Ndinagula chaka choyamba."

Ndinakhala kaye m'katimo kanthawi. Mphuno ndinapukutira siketi.

Ndakwera ndi kutsika kanayi. Kutsika n'koipa kuposa kukwera.

Lachisanu, 14 Malichi

Lero inali nthawi yawo. Zakanika.

Ine pamwamba, dzanja limodzi pa waya, lina pa lamba wawo. Iwo aimirira, agwira, funde labwera, funde lapita. Lina labwera, lapita. Mwendo wamanzere sukumva. Anakhalanso pansi. Katatu konse. Thukuta kamukamu, milomo yotuwa.

Tinapalasa kubwerera kumtunda.

Mlonda akuti mawa kuli mphepo.

Mwana anaimba pa foni ya bambo ake. Akubwera naye wa manoyo teni koloko. Anati, "Amayi, sikuti ndikuwada. Ndikuopa kuitanidwa kuti ndidzazindikire mtembo." Nanenso ndikuopa chomwecho.

Diresi la mkwatibwi wa Lamlungu silinathe mpendero. Ndasoka mokhota, ndaphwasula kawiri.

Loweruka, 15 Malichi

Ndilembe ndi dzanja lamanzere lomweli zisanasokonekere m'mutu.

Mphepo inalipodi. Padoko mwana, mikono atapinda. Wa mano ndi kabudula woyera ndi chipewa cha akapitawo a sitima, boti asanagule n'komwe.

Tinafika titanyowa kale ndi mafunde. Ndinamanga riboni yanga. Ndinakwera bwino, kamodzi. Ndinagona chamimba, dzanja lamanzere pa waya, lamanja pa lamba wawo.

Masiku onse aja bambo ankagwirizira kaboti ndi dzanja, mfundo yanga inali isanagwirepo ntchito. Lero dzanja lawo linali pa waya. Kaboti kakudumpha, kakukoka chingwe, kakukoka. Ndinaona ndi maso angawa khutu limodzi la riboni likuchepa. Mfundo ya diresi imamangidwa kuti mkwati akaikoka imasuke. Zaka makumi atatu ndikudziwa zimenezo.

Manja awiri okha. Kugwira chingwe ndiye kuti kusiya lamba.

Funde linawanyamula, bondo labwino linafika pamwamba, ndipo kaboti kanachoka pansi pawo. Mwendo wodwalawo uli lende pamwamba pa madzi. Thupi lonse pa mkono wanga, phewa lomwe lija. Anandiyang'ana. Anati, "Ndisiyeni, mugwa nane."

Ndinawatukwana. Zaka makumi atatu ndi zisanu za ukwati sindinawatukwanepo. Ndinati oima panjira ndi amene amagwa, munanena ndinu, kwerani! Ndinakoka. China chake chinalira m'phewa. Anagwera pa ine ngati thumba la simenti.

Tili gone choncho, kaboti kakupita uko, kayekha, nkhafi zili momwemo.

Ndiye ndinamva phokoso lachilendo. Ndinayesa akukomoka. Akuseka! Ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ili mbwe. "Riboni," akutero. "Mwamanga boti ndi riboni."

Kumtunda mwana akukuwa, akuthamangira kwa mlonda. Bambo anakhala tsonga, anagwira chiwongolero. Mawu awo akale aja anabwerera, a ukali aja. Masulani apo. Kokani icho. Osati icho, chofiiracho! Mutu pansi! Thanga linakwera mokhota, linadzaza mphepo, boti linapendekeka, ine ndinakuwa mayo. Tinamasula ku chigubu. Tinayenda.

Mlonda ndi injini yake anatipeza tili kale panjira. Bambo anamukupiza dzanja kuti akatole kaboti.

Padoko tinagunda ndithu, utoto unasupuka. Ndinaponya chingwe. Mwana anachiwakha, ndipo osaganiza n'komwe anamanga mfundo ija, imene bambo ake analephera kundionetsa. Anamuphunzitsa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo anaiyang'ana mfundoyo nthawi yaitali.

Anawagwira bambo ake malaya. Kumsana kouma. Buluku lonyowa mpaka m'mawondo.

Mwanayo anati, "Awa ndi mafunde chabe." Anatembenukira kwa wa mano, anapepesa kuti wamuonongetsa petulo pachabe.

Lamlungu, 16 Malichi

Mkono uli pa nsalu yokoleka m'khosi. Adokotala akuti masabata atatu osagwira makina. Mpendero wa mkwatibwi wamaliza ndi mnansi. Tsopano m'nyumba muno manja abwino atsala awiri, lawo lamanja, langa lamanzere.

Adya mazira awiri, apempha lachitatu.

Chingwe chija achitola kukhoma. Achiika patebulo. Akuti iwo agwira mbali iyi, ine inayo, timange limodzi mpaka ndidziwe. Akuti Lachitatu mphepo idzakhala bwino, nditenge tiyi wa mu kapu ija.

Ndawauza kuti ndikulemba. Akuitanabe. Munthu ameneyu anali bwino ali chete! Ndikubwera, bambo, ndikubwera, nanga