Nkhoswe ya Mayankho

Lachiwiri, 7 Meyi

Malipiro alowa, banki yadulako kale gawo langa la ngongole ya nyumba. Gawo la achimwene a Paxton, zii. Mwezi wachisanu uno osalipira. Mtsikana wa kubanki wandiimbira ndili m'basi yopita ku Capital Hill, anzanga onse makutu tcheru. Akuti banki sidziwa za theka. Mayina awiri, ngongole imodzi. Ikapanda kulipidwa pakutha pa Juni, nyumba igulitsidwa.

Nyumba yoti ine ndimagona kuseri kwake! Titagula awiriwiri kuno ku Area 15, anati banja lawo ndi lalikulu, ine ndi mwana wanga Mayankho tiyambe takhala kuboyizikota. Mpaka lero tikuyambabe.

Magetsi azima. Tomato wakweranso.

Loweruka, 11 Meyi

Ndinakagogoda kutsogolo. Alamu a Sophia pakhomo: "Agona, BP yakwera." Koma galimoto pabwalo ili ndi matayala atsopano onse. Ndinangopereka moni n'kubwerera. Eveless iwe, pakamwa unapatsidwira chiyani?

Mayankho wagula nsalu ya chinkhoswe chake ku Old Town, yobiriwira. Tsiku ndi mu Ogasiti. Nkhoswe yake ndi malume ake, a Paxton omwewa. Nanga ndani wina? Mlongo ndili naye mmodzi.

Lamlungu, 19 Meyi

Amalume a Harry abwera kuchokera ku Mitundu kudzatiyanjanitsa. Ya minibasi ndinatumiza ine. Tinakhala pabalaza, ine pansi, pakapeti yogula ndekha. Nditangoti ndiyambe, amalume anakweza dzanja. "Mkazi ali ndi womuyankhulira. Paxton, mwini mbumba ndiwe, mlongo wako wadandaula chiyani?"

Kalanga ine! Achimwene anaimirira n'kufotokoza dandaulo langa bwinobwino, mwaulemu, kuposa mmene ndikanafotokozera ine mwini. Atatha anakhala pansi n'kudziyankha okha kuti bizinesi ya feteleza yavuta. Kenako anaimiriranso kunena kuti mlongo wawo wamva ndipo wakhululuka. Amalume m'manja phuphuphu, ati zapachibale zimathera m'nyumba. Anadya nkhuku, anapita ndi shuga.

Ndinakaseka kubafa mpaka misozi. Kenako kuseka kunatha, misozi sinathe.

Lachitatu, 29 Meyi

Nthawi ya nkhomaliro kwa loya ku City Centre, mayi Rejoice. Njira ziwiri basi. Tigulitse tokha banki isanalande, kuti titsaleko ndi kanthu, koma tisaine tonse. Achimwene akakana, kukhoti.

Madzulo ndinawadikira pageti. Sanakweze mawu n'komwe. "Mlongo, ukanditengera kukhoti, nkhoswe ya Mayankho ukaipezenso komweko."

Kulipira ndekha sindingathe. Kutuluka, ndilowera kuti? Thukuta langa lonse lili m'njerwa zimenezi. Ndipo akuchimuna, makolo a bwenzi lake Eddie, ndi anthu amwambo, popanda malume sangabwere. Ndikasankha nyumba ndaononga za mwana. Ndikasankha mwana tonse tili pamsewu.

Mutu ukuwawa. Ndatopa, Mulungu wanga, ndatopa.

Lachisanu, 7 Juni

Abwera a kubanki kudzayeza ndi kujambula nyumba. Ndinapempha kuntchito kuti ndikhalepo. Achimwene anawalandira ngati alendo aukwati, mipando, zakumwa zozizira. Nditatulukira pakona anandiloza: "Uyu ndi mlongo wanga, timamusunga kuseriko."

Timamusunga!

Chimene chinandigwira sindichidziwa. Ndinangomva pakamwa panga patuluka: "Iwe Paxton, ukundisunga ndi chiyani? Lipira ngongole!" Iwe. Dzina lenileni, pamaso pa alamu ndi alendo. Chibadwire sindinawatchulepo choncho. Wa kubanki amene anali ndi tepi anasiya kuyeza. Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali, nati unkhoswe ausiya lero lomwe. Analowa n'kukhoma chitseko.

Lolemba ndibwerera kwa loya. Mantha ndili nawo, manyazi ayi.

Mayankho wangofika kuchokera kwa telala, sakudziwa kanthu. Akuimba panjapo, diresi lachinkhoswe lili m'manja. Akuti, "Amayi, tatulukani mudzaone mmene landikhalira." Ndamuyankha kuti ndikubwera. Ndiyambira pati kumuuza kuti nkhoswe alibe?